Makaka, Mbuzi ndi Mpando wa Titia Muanassa

Titia Muanassa sadziwa kuyendetsa galimoto. Mukawapatsa mapu amangowatembenuza uku ndi uku, kenaka n'kukubwezerani ali, "Zikomo, mitsinje yanu ndaiona." Komabe kwa zaka zinayi, malole a bungwe lathu akamanyamuka ku Pemba kupita kumpoto kumene kuli nkhondo, mpando wakutsogolo m'galimoto yotsogolera unali wawo. Ankakhala motakasuka, chigongono chili pawindo, kathumba ka mtedza wokazinga kali pamiyendo, foni yakale ya mabatani ataimangirira pansonga ya chitenje.

Titia ndi akulu awo a mayi anga. Nkhondo isanayambe ankachita geni ya nsomba zouma. Ankagula kwa asodzi a ku Mucojo, n'kukwera nazo pamwamba pa malole mpaka ku Mueda kapena ku Montepuez, pobwerera atanyamula nyemba ndi makaka. Anatha zaka makumi awiri ndi ziwiri ali pamwamba pa matumba, fumbi lili m'mano. Anakwatiwapo kawiri, ndipo maukwati onse anathetsa okha. Mukawafunsa chifukwa amati, "Woyamba ankafuna ndizikhala pakhomo. Wachiwiri ankafuna azikwera nawo lole."

Tsiku limene ankhondo a m'tchire anatentha kwawo, Titia anathawa pa boti. Anakhala masiku atatu panyanja, n'kudzatsikira pagombe la Paquitequete, ku Pemba kuno, ali ndi chitenje chimodzi, foni ija ndi sikelo yoyezera nsomba. Sikeloyo mpaka lero sadziwa kuti anainyamuliranji. M'nyumba mwathu, ya zipinda ziwiri, tinakwana anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Za masiku amenewo Titia salankhula, ndipo ife sitiwafunsa.

Patapita miyezi ingapo anapeza ntchito yophika tiyi ku ofesi ya bungwe lothandiza othawa nkhondo. Tsiku lina analowa ndi makapu m'chipinda cha msonkhano, n'kupeza akuluakulu atazungulira mapu, akugwirizana zodutsitsa malole asanu pakamsewu kachidule. Titia anaika makapu, anasuzumira, n'kufunsa dzina la mtsinje womwe chala cha mkulu wa ntchitoyo chinaloza. Atauzidwa, anaseka.

"Mlatho umenewo? Ife tikafika pamenepo tinkatsika tonse, ndi nkhuku zomwe, lole n'kuoloka yokha dalaivala akupemphera. Inu mukuti asanu, odzaza mpunga? Shuga ndithire masupuni angati, Shefe?"

Shefe wa nthawi imeneyo anatuma munthu wa njinga yamoto kuti akaone. Munthuyo anabwerako n'kunena kuti pomwe panali mlatho ana akuwedzapo nsomba. Ulendo wotsatira Titia anauzidwa kuti akwere nawo, kamodzi kokha. Kamodziko kanatha zaka zinayi, ngakhale papepala la ntchito yawo panalembedwabe kuti ndi wophika tiyi.

Mashefe kwathu kuno ndi mame, sachedwa kukamuka. Amabwera kuchokera ku nkhondo ina, amakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, n'kupita ku chigumula kapena chivomerezi cha dziko lina. Titia agwirapo ntchito ndi asanu ndi awiri, ndipo maina awo enieni sawasunga. Amawakumbukira ndi kamwedwe ka tiyi: Shefe Wopanda-shuga, Shefe Kapu-yanga-ili-kuti, ndi Shefe Wozizira, amene ankaiwala tiyi mpaka ntchentche zigweremo. Amati onse anali anthu abwino, ogona pang'ono, odziwa kukangana ndi akuluakulu a asilikali mpaka chilolezo chituluke.

"Koma aliyense amafika ali khanda," amatero. "Ndimulere, akwawe, aimirire. Akangodziwa kupereka moni bwinobwino, uyo pa ndege."

Ine ndinalowa ntchito m'chaka chawo chachitatu, nditamaliza sekondale. Ndimagwira wailesi yolankhulirana. Pa mphindi makumi atatu zilizonse ndimauza a ku ofesi pamene mdipiti wafika. Malo anga ali kumbuyo kwa Titia, ndiye ntchito yawo ndinaiphunzira ndikuyang'ana nkhongo yawo.

Zida zawo ndi ziwiri. Choyamba ndi foni. M'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa msewu ali ndi mnzawo wakale wa geni, ndipo likakhala tsiku loti mawa lake tinyamuka, amawaimbira mmodzimmodzi. Za nkhondo safunsa. Amafunsa ngati nkhuku zikuikira, ngati mwana uja anachira, ngati kumsika kunabwera anthu.

Chachiwiri ndi makaka. Kumpoto kuno amayi amayanika chinangwa chosenda m'mphepete mwa msewu, chifukwa phula limatentha ndipo pamakhala popanda mchenga. Titia amawerenga makakawo ngati nyuzipepala. Akaona makaka ali mbee, mayi ali pamthunzi ndi kandodo kake, amati tiyeni. Dzuwa likawala koma pamsewu palibe woyanika, amati tichepetse liwiro, tifunse. Koma akaona makaka atayanikidwa, mbuzi zikudya, popanda wozithamangitsa, sachulutsa zonena. Amangoti, "Tembenuzani."

"Mkazi amasiya mwamuna, amasiya tchalitchi, amasiya mzikiti," amatero, "koma makaka sawasiyira mbuzi. Akawasiya ndiye kuti wathawa, mwana kumsana, osacheuka."

Kawiri konse lamulo limeneli linatibweza panjira, ndipo kawiri konseko tinadzamva kuti kutsogoloko kunali moto. Madalaivala ankalumbirira pa dzina la Titia. Mano Tuaibo, ndiko kuti achimwene Tuaibo, amene amayendetsa galimoto yathu, ankati Titia atamuuza kuti alowe m'nyanja, iye angangofunsa kuti ndi giya iti.

Chaka chatha kunabwera a Shefe Hagos, a ku Ethiopia, ataliatali, ofatsa, olankhula Chipwitikizi ngati akutafuna miyala. Anali atatsogolerapo ntchito yonga iyi m'maiko anayi. Titia anawatcha Shefe Khofi, chifukwa tiyi wawo anamukana mwaulemu tsiku loyamba lomwelo. Pasanapite nthawi kunabwera kalata yochokera ku likulu, kutsidya kwa nyanja. Inati kuyambira mwezi wotsatira, wokhala kutsogolo kwa mdipiti azikhala munthu wophunzira za chitetezo. Munthuyo anafika kalata isanazizire: a Calisto Mabunda, a ku Maputo, wapolisi wakale, oonda ngati bango, chikwama chili tho ndi mapepala a maphunziro. Titia anangowaona kamodzi n'kuwatcha a Satifiketi.

A Shefe anaitanitsa Titia ku ofesi kwawo. Ine ndinapita nawo kuti ndizilumikiza pomwe Chipwitikizi cha awiriwo chasemphana.

"Dona Muanassa, likulu likufuna mpando wanu."

"Liuzeni likululo libwere lidzakhalepo lokha."

"Ndapempha kuti andilole ulendo umodzi. Lachinayi tikupita ku Mipande. Inu mukhale kutsogolo monga mwa masiku onse, a Calisto kumbuyo. Ine ndikwera nanu. Tikabwerako ndilemba kalata yanga."

"Ndiye kuti ndi mayeso."

"Sindinatero."

"Mwatero ndi maso."

Titatuluka panja, Titia anaima pafupi ndi kakhitchini kaja anayambira ntchito, n'kuyang'ana ketulo.

"Suhura, mwana wanga," anatero osandiyang'ana, "ndikabwerera umu ndi msinkhu uno, madalaivala aziti chiyani?"

Aka kanali koyamba kuwamva akufunsa funso lomwe yankho lake analibe kale m'kamwa.

Ku Mipande kunali anthu othawa kwawo oposa zikwi zitatu, ndipo pakati pa ana panali patabuka chikuku. Tinanyamula katemera m'mabokosi ozizira, chiponde cha ana onyentchera, mpunga, nyemba ndi mafuta ophikira, malole anayi. Asilikali anatipatsa tsiku limodzi lokha, ndipo anati ikamakwana 3 koloko masana tikhale titayamba ulendo wobwerera. Anamwino anati kuti abaye ana onse akufunika maola asanu. Ndiye kuti 10 koloko inayenera kutipeza titafika.

Tinanyamuka kukungocha. Msewu unali bwino, makaka ali ndi eniake mudzi ndi mudzi, ndipo Titia anali m'chimwemwe chawo. A Calisto, amene anakhala pakati pa ine ndi a Shefe, ankalemba m'kabuku mosalekeza.

"Mukulembanji kumbuyoko, a Satifiketi?"

"Zomwe ndikuona, mama."

"Nyani uyo ali pachitsayo mwamuona? Mulembeni. Nkhope yake ndi yokayikitsa."

Mano Tuaibo anaseka mpaka kugwetsera galimoto m'dzenje, tonse mitu gu kudenga.

"Nyaniyo ndamulemba kale," anatero a Calisto akutola cholembera chawo pansi. "Pano ndikulemba za dalaivala wosaona maenje."

"Iii, amalankhula!" anatero Titia. Anatambasulira dzanja kumbuyo n'kuwapatsa mtedza, koma pang'ono.

Itangokwana 9 koloko tinafika pa Nantupo, mudzi wotsiriza tisanafike ku Mipande. Makaka anali mbee mbali zonse ziwiri za msewu, kutalika kwake ngati bwalo la mpira. Pamwamba pake panali mbuzi, mwina makumi atatu. Zina zinkadya mosatekeseka, zina zinali zitakhuta kale, zitagona pamakaka pomwepo zikubzikula. Munthu panalibe, ngakhale mwana. Mudzi wonse unali zii.

Mtedza unagwa m'manja mwa Titia.

"Tuaibo, ima. Tembenuzani."

"Taimani kaye," anatero a Calisto atasuzumira pawindo langa. "Taonani zitseko."

"Zitseko zatani?"

"Zonse n'zotseka. Icho chili ndi loko. Icho achimanga ndi chingwe, mfundo ziwiri. Ndagwira upolisi zaka khumi ndi zisanu, mama. Munthu wothawa mfuti samanga mfundo."

"Inu munathawapo mfuti?"

"Ayi."

"Ine ndinathawapo. Tembenuzani."

A Shefe anayang'ana wotchi, anayang'ana mbuzi, kenaka nkhongo ya Titia. Asilikali anali atatiuza m'mawa womwewo kuti msewu uli bwino, koma asilikali ananenanso chimodzimodzi maulendo awiri aja.

"Dona Muanassa, mukutsimikiza?"

"Shefe, mbuzi sizinama."

A Shefe anacheuka kuyang'ana malole kumbuyo. M'mdipitimo munali anthu makumi awiri ndi mmodzi, ndipo onse anali pamutu pawo.

"Suhura, uza onse. Tikubwerera."

Kutembenuza malole anayi pamsewu wopapatiza, mitima ili m'mwamba, si masewera. Yoyamba inatembenuka bwino. Yachiwiri inapita kutsogolo ndi kumbuyo kasanu ndi kawiri. Yachitatu inatsetsereka tayala lakumbuyo m'ngalande, ndiye tonse tinatsika kukakankha, ndi anamwino omwe, a Shefe nsapato zili m'matope, aliyense akunong'ona ngati tili pamaliro. Mbuzi zinkationerera zikutafuna. Panatha mphindi makumi anayi.

Tinabwerera makilomita asanu ndi atatu mpaka pamudzi wina, pomwe amayi anali phee pamthunzi ndi timandodo tawo. Pamenepo pali mtengo wa mango womwe pansi pake foni imagwira. Titia anamasula foni kuchitenje n'kuimbira Dona Ancha, mnzawo wa geni wa ku Nantupo. Foni yakaleyo imalankhula mokuwa, ndiye tonse tinamva.

"Ancha! Uli moyo? Muli kuti?"

"Tili kuti? Iweyo ndiye uli kuti? Tili pasukulu chiyambire m'bandakucha, dzuwa latiwamba ngati nsomba zako zija!"

"Pasukulu mukutanipo?"

"Pamzere! Suja unati lero mukubwera ndi malole?"

"Ndinati tikudutsa, Ancha. Kudutsa!"

"Aaa, kudutsa ndi kubwera si chimodzimodzi? Komanso ine ndinangouza mlamu wanga yekha."

Titia anazimitsa foni. Anaimangirira kuchitenje pang'onopang'ono, ngati ntchito yofuna luso. Palibe anaseka, ngakhale Mano Tuaibo. Sukulu ya ku Nantupo ili m'mbali mwa msewu, kungokhota pakhona. Tikanangopitirira pang'ono pomwe tinaimapo, tikanawaona.

"Shefe," anatero Titia, "mudzi wonse uli pasukulu, ukudikira ife. Amva kuti malole akubwera ndi chakudya. Wowauza ndi pakamwa pangapa."

Kenaka anayenda kuzungulira galimoto, n'kutsegula chitseko chakumbuyo.

"Tsikani, a Calisto. Kakhaleni kutsogolo."

Aka kanalinso koyamba kuwatchula dzina lawo lenileni. A Calisto anayang'ana a Shefe, a Shefe anayang'ana wotchi, ndipo nthawi yokambirana panalibe. Titia anadzakhala pambali panga. Malo anachepa, phewa langa linapanikizidwa kuchitseko. Kathumba ka mtedza kanatsala kutsogolo.

Tinatembenuzanso malole. Nthawi inali itayandikira 11 koloko pamene tinadutsanso mbuzi zija n'kukhota pakhona. Anthu analipo mazana asanu kapena kuposa, ali ndi ndowa, mabeseni ndi matumba opanda kanthu, mzere wawo utadutsa msewu n'kukafika tsidya linalo. Atangoona lole yoyamba, nthungululu zinalira.

A Calisto anatsika, anakonza malaya, n'kufotokoza m'Chipwitikizi chosalala cha ku Maputo kuti katunduyu ndi wa ku Mipande, ndipo tikupempha njira. Omva anali ochepa, poti kumeneko anthu amalankhula Chimakua. Bambo wina wa chipewa anadzipereka kumasulira, n'kuuza anthu kuti bwanayo akuti amuna aime uku, akazi uku. Anthu anagawikana mwadongosolo, msewu n'kutsekeka kawiri. A Calisto anayesanso, tsopano akulankhula ndi manja. Pang'onopang'ono uthenga weniweni unayamba kulowa. Nthungululu zinatha. Amayi ena anakhala pansi pamsewu, pafupi penipeni ndi matayala, atatembenuza ndowa n'kuzikhalira.

"Sindingatsitse thumba ngakhale limodzi," anatero a Shefe chapansipansi. "Ndikatsitsa pano, mawa msewu wonse kuchokera ku Pemba ukhala pamzere, ndipo ku Mipande sikudzafika kanthu."

A Shefe sanawapemphe Titia chilichonse. Amene anabwera pawindo ndi a Calisto, thukuta lili kamukamu.

"Mama, m'masatifiketi anga aja Chimakua mulibe."

Titia anawayang'ana kanthawi. Kenaka anandiponda phazi potsika, anapita pa lole yoyamba, anakwinya chitenje, n'kukwera pamwamba pa matumba ngati kuti zaka sizinapite.

"A ku Nantupo! Mukundidziwa ine?"

"Muanassa wa nsomba zamchenga!" anakuwa mayi wina.

"Wa sikelo yonama!" anawonjezera wina.

"Sikelo yanga sinanamepo, Fatu, onama anali maso ako. Tamverani. M'malole muno mulibe chanu. Ngakhale kanjere kamodzi ka mpunga. Zonsezi n'za ku Mipande. Kumeneko ana akudwala chikuku, mankhwala awo ali umu, ndipo tachedwa kale chifukwa cha ine. Shefe wamtaliyu sanakulonjezeni kanthu. Woondayu sanakulonjezeni kanthu. Wolankhula ndine. Ndinauza Ancha kuti tikudutsa, ndipo nonse mukudziwa kuti kuuza Ancha ndi kuuza wailesi."

Ena anaseka. Dona Ancha, mayi wamfupi wa duku lofiira, anakweza manja m'mwamba.

"Iii, undisiye ine, mfiti iwe!"

Koma mayi wina wachitsikana, mwana ali kubere, sanaseke. Anaimirira pakati pa msewu.

"Nanga ife tilibe njala? Othawa nkhondo okha ndiwo ali ndi mimba? Malole amangodutsa, ife kumadya fumbi. Abale athu othawa tikuwasunga m'nyumba mwathu momwemu, kudya m'mbale imodzi. Ifeyo adzatione ndani?"

Titia sanapeze nthabwala, ndipo sanaifunefune.

"Ukunena zoona, mwana wanga. Kwa mng'ono wanga tinagonapo khumi ndi asanu ndi awiri, ndikudziwa. Koma sindikuuza kuti mawa tibwera ndi zanu, chifukwa sindikudziwa. Ndalankhula kamodzi mosasamala, kwakwana."

Anatembenukira kwa a Shefe, amene anali atatsika, n'kuwauza zomwe mayiyo ananena, osachotsako kanthu. A Shefe anayankha kuti mwezi usanathe atumiza anthu kudzaona mmene mudziwo ulili, koma za matumba salonjeza. Titia anamasulira momwemo, osathirako shuga. Anthu anang'ung'udza. Okhala pandowa sanasunthe. Ine ndinali ndi wailesi m'manja, a ku ofesi akufunsa kachitatu pamene tili.

Pamenepo Titia anayang'ana kumbuyo, kukhona kuja, n'kuyang'ananso khamulo, ngati munthu wokumbukira mphika womwe wausiya pamoto.

"Koma ndili ndi uthenga wina, ndipo uwu ndauona ndi maso angawa. Makaka anu aja mwayanika pamsewu, mwasiyako ndani?"

"Ana alipo!" anayankha amayi angapo pamodzi.

"Ana ake ati? Si awa ali pambuyo panuwa, aliyense ndi kambale kake?"

Amayi anacheuka. Anawo analidi pomwepo, onse. Aliyense kuno amadziwa kuti thandizo limagawidwa powerenga mitu, ndiye mayi aliyense, atafika pamzere, anali atatumiza mawu mwakachetechete kuti wake abwere adzawerengedwe, poganiza kuti ana a mnzake atsala akulondera.

"Mbuzi zakhuta," anatero Titia. "Zina zagona pomwepo. Ya mawanga ija, sindikudziwa kuti ndi ya ndani, yayamba kale mbali yachiwiri."

Sindinaonepo msewu ukutseguka mwachangu chotero. Ndowa zinagubuduka, zitenje zinakwinyidwa, amayi ali liwiro la mtondo wadooka kulowera kukhona, ana pambuyo, aliyense akukuwa dzina la mwini mbuzi. Panatsala amuna ndi okalamba, amene anayang'anana n'kupatuka okha. Dona Ancha anali womaliza kuthamanga, ndipo anacheuka ali wefuwefu.

"Muanassa! Ukamadzadutsanso usandiimbire!"

Titia anatsika pa lole, n'kubwerera pampando wakumbuyo, pambali panga.

Ku Mipande tinafika 12 koloko itatsala pang'ono kukwana. Amayi ena, atadikira kuyambira m'mawa, anali atabwerera kumisasa yawo, ndipo panafunika kuwaitananso. Anamwino anagwira ntchito osamwa ngakhale madzi. A Shefe anaima pamtunda ndi foni, akukangana ndi mkulu wa asilikali m'Chipwitikizi chawo cha miyala chija, mpaka anatiwonjezera theka la ola. Titia anakhala pachidebe, akugwirizira ana pobayidwa, mmodzi akachoka wina n'kubwera. Sanaseke ndi wina aliyense. Pamene tinkatseka mabokosi, pamzere panali patatsala ana makumi anayi ndi atatu. Ndikudziwa chifukwa anawerenga ndi Titia, ndi chala, kawiri.

Pobwerera, tikudutsa pa Nantupo, Titia anayang'ana pansi.

Lolemba m'mawa ndinawapeza m'kakhitchini, atavala epuloni yawo yakale, ketulo ili pamoto. Madalaivala ankadutsa pakhomopo mwakachetechete ngati pali wodwala. Posakhalitsa a Shefe anaitanitsa Titia ndi a Calisto, ndi ine womasulira. Titia analowa atanyamula makapu.

"Khalani pansi, Dona Muanassa. Ndikuwerengereni zomwe ndalembera likulu." A Shefe anavala magalasi. "Ndalemba kuti pa Nantupo wina anaona mbuzi, wina anaona zitseko, ndipo ine ndinamvera mmodzi yekha. Kulakwa kumeneko ndi kwanga."

"Nanga foni? Foni mwailemba?"

"Ndailemba. Imeneyo ndi yanu."

Titia anagwedeza mutu, ngati munthu amene sikelo yamuyezera zoona.

"Likulu linati kutsogolo kukhale munthu wophunzira za chitetezo," anapitiriza a Shefe. "Silinanene kuti akhale yekha. Kutsogolo kuja kuli malo a munthu mmodzi ndi theka. Koma pali lamulo limodzi. Anzanu muziwaimbirabe, muziwafunsa za nkhuku. Tsiku la ulendo musamatchule."

"Ndiye akandifunsa chomwe ndaimbira, ndiziti chiyani?"

"Muziti mwawasowa."

Titia anapotokola nsonga ya epuloni.

"Nanga ana aja? Makumi anayi ndi atatu aja?"

"Chilolezo chatuluka. Tibwererako pakatha milungu iwiri. Mukwera?"

Titia anatembenukira kwa a Calisto n'kuwayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Pakati paja pali giya," anatero.

"Ndikudziwa, mama. Ndimaganiza kuti tizisinthana."

"A Satifiketi, Mulungu pokupangani oonda anali ndi cholinga."

Tsiku lobwerera ku Mipande litakwana, a Calisto anakhala pakati, mawondo ali kuchibwano, Mano Tuaibo akuwagunda ndi giya pakhona lililonse n'kumapepesa mosachokera pansi pamtima. Tikamayandikira mudzi, Titia ankati, "Makaka ali ndi mwini." A Calisto ankati, "Zitseko n'zotsegula." Akatero onse awiri, ine ndinkauza a ku ofesi kuti tikupitirira.

Pa Nantupo makaka anali ochepa kuposa tsiku lija, ndipo mulu uliwonse unali ndi mayi wake, kandodo kali m'manja. Mbuzi zinali patali, zonenepa bwino. Amayi atatizindikira anayamba kukuwa kuti mbuzi zikupereka moni, ena akufunsa ngati sikelo ija ikadalipo. Titia anawabayibitsa ngati mkwatibwi. Tisanafike n'komwe pasukulu, foni inalira kuchitenje.

"Muanassa! Ndi iwe wadutsa apa? Dzulo lomweli unandiimbira, tinacheza za nkhuku mpaka khutu kutentha, osandiuza kanthu!"

Titia anayang'ana a Calisto, anayang'ana msewu, n'kuponya mtedza m'kamwa.

"Ndinangokusowa, Ancha."